Kumupatsa mlendo khomo lakelake

Azakhali anga ali ndi shopu ya zitenje ku Kamwala, mu Lusaka. Kashopuko n'kopanikizika, koma katundu wadzaza mpaka kudenga: zitenje, ulusi, mazipi, mabatani, nsalu za mayunifolomu a sukulu. Kwa zaka zambiri chiwerengero cha katunduyu chinkakhala m'mabuku atatu a chikuto cholimba komanso m'mutu mwa eni ake. Mutuwo sunasokonezepo kanthu. Mabuku ndiwo anayamba kuvuta azakhali atalemba ntchito atsikana awiri owathandiza, poti wina ankalemba kuti "cha maluwa ofiira", mnzake n'kulemba kuti "cha masamba", chonsecho chitenje ndi chimodzi chomwecho.

Lamlungu lina tikudya nsima ya nkhwani wotendera kwawo, anandiyang'ana nati, "Mwana wanga, sukulu yako ya makompyuta ija idzatithandiza liti ifeyo?" Anafunsa mofatsa, ndipo funsolo linandikhala pamtima. Azakhaliwa ndi amene anandilandira nditangotsika basi ya ku Katete ndi kachikwama kamodzi, ndipo ndalama yanga yoyamba ya ku koleji inachokera pa zitenje zomwezo.

Chinali chaka cha 2024, chaka cha chilala. Mu Febuluwale boma linali litalengeza kuti chilalacho ndi ngozi ya dziko lonse, madzi ku damu lopangira magetsi la Kariba anali atatsika, ndipo magetsi, amene kuno timangoti malaiti, ankapita m'mawa n'kubwera anthu atagona. Ndatchula zimenezi dala, chifukwa theka la nkhani yanga ndi la magetsi.

Ndinapeza pulogalamu yosungira chiwerengero cha katundu, ya mtundu umene umatsegulidwa pa browser. Imafuna Linux, pomwe laputopu ya azakhali ndi ya Windows, ndipo madzulo msuweni wanga amalemberapo ntchito za kusukulu. Kufufuta zonse sikukanatheka. Choncho ndinaika VirtualBox, m'kati mwake n'kumangamo kompyuta ina ya Ubuntu Server 22.04. Kwa amene simunaionepo, virtual machine, kapena VM mwachidule, ndi kompyuta yopanda thupi. Imabwereka mphamvu, memory ndi malo a pa disiki kwa kompyuta yeniyeni, koma iyo imadziona ngati ili payokha: imayaka, imazima, ili ndi pasiwedi yakeyake. Amene anapanga zinthuzi anasankha mawu amene ife sitivutika nawo kumva. Kompyuta yeniyeni amaitcha host, ndiye kuti mwininyumba, ndipo ya m'kati amaitcha guest, mlendo. Njirayi inandikomera pa zifukwa ziwiri. Laputopu ili ndi batire, ndiye magetsi akapita mwadzidzidzi seva, ndiye kuti mlendo wosunga pulogalamuyo, siifa nawo pomwepo. Komanso mlendo yense, ndi katundu wake yense, ndimatha kumukopera pa fulashi n'kukamudzutsa pa kompyuta ina ngati iyi itabedwa kapena itawonongeka.

Kunyumba kwanga ku Chilenje zonse zinayenda bwino. Mlendo ankafika pa intaneti, ankakoka mapulogalamu, ndipo ndinalowetsamo mitundu ya zitenje yoposa zana. Loweruka ndinanyamula laputopu ija ulendo ku Kamwala. Cholinga chinali chakuti laputopu izikhala kuseri pa shelefu, atsikana azilemba zogulitsa pa mafoni awo ali pa kauntala, onse atalumikizidwa pa ka MiFi ka m'shopumo. Ndinalemba lamulo loonetsa adiresi, ip a, mwa mlendo, adiresi n'kutuluka: 10.0.2.15. Ndinailemba pa foni ya mmodzi wa atsikana aja. Kanthu kaja kanangozungulira, kuzungulira, mpaka kutopa.

"Achimwene, yakana," anatero mtsikanayo, akundibwezera foni.

Nambala imeneyi, 10.0.2.15, muisunge. Mukaiona, dziwani kuti mlendo wanu ali pa NAT, njira imene VirtualBox imayambira nayo mukapanda kusintha kanthu. Pafupifupi VM iliyonse yatsopano ya VirtualBox, kaya ili ku Matero kaya ku London, imalandira nambala yomweyi, ndipo khomo lake lotulukira ndi 10.0.2.2. Sizimenyana chifukwa aliyense ali m'chipinda chake chotseka. Maadiresi oyamba ndi 10, ena oyamba ndi 172, ndi aja oyamba ndi 192.168 anapatulidwa mu 1996, m'chikalata chotchedwa RFC 1918, kuti azigwira ntchito m'kati mwa nyumba ndi maofesi basi, osatulukira pa msewu waukulu wa intaneti.

Aliyense amene anafikirapo kwa wachibale mu Lusaka akuidziwa NAT ngakhale sanaimvepo dzina. Ukamagona pabalaza kwa azakhali, umatha kutumiza uthenga kulikonse, ndipo yankho limakupeza, koma limadzera kwa eni nyumba, chifukwa ndiwo odziwika pa geti. Munthu wachilendo akagogoda n'kutchula dzina lako, oyandikana nawo amangoti, "Ameneyo sitimudziwa kuno." Ndi mmene zinalili ndi foni ija. Mlendo ankatha kuyamba kulankhula ndi dziko lonse, koma wakunja sakanatha kuyamba kulankhula naye. Foni inali pa 192.168.8 chakuti, mlendo ali pa 10.0.2, ndipo panalibe njira yochokera uku kupita uko.

Ndinene chilungamo: NAT si yoipa, ndipo anthu ambiri amene amathamangira njira ina yotchedwa mlatho sakuufuna n'komwe. Ngati mukungophunzira Linux, khalani pa NAT, mlendo wanu ndi wotetezeka bwino mmenemo. Ngakhale mutafuna kuti wakunja alowe, pali njira yotchedwa port forwarding, pomwe mumauza mwininyumba kuti aliyense wogogoda pa khomo nambala 8080 azimuperekeza kwa mlendo pa khomo nambala 80. Imagwira ntchito. Ine ndinaikana pa zifukwa za shopuyo. Tinkafuna kudzaika kapulinta ka malisiti ka pa netiweki, ndipo zipangizo zotere zimapezana pofuula kwa onse a pa netiweki imodzi, mfuu imene siidutsa khoma la NAT. Komanso pa NAT ya VirtualBox aliyense wolowa amaoneka kwa mlendo ngati wachokera pa 10.0.2.2, ndiye sungasiyanitse foni ya uyu ndi ya uyo. Ndinkafuna seva ikhale ndi khomo lake loyang'ana pabwalo, ngati wa lendi amene ali ndi kiyi wake ndi nambala ya chitseko chake.

Zimenezi ndiye amazitcha bridged networking, mlatho. Pokonza pake m'posavuta, moti munthu amaganiza kuti wamaliza asanayambe. Mumazimitsa VM, kulowa mu Settings, kenako Network, pa Attached to n'kusankha Bridged Adapter. Pansi pake pali kabokosi kolembedwa Name, ndipo mavuto ambiri amabisala m'kabokosi kameneka. Chimene chimachitika mukatero n'chakuti VirtualBox imaika kasefa kake pa adapter yeniyeni ya laputopu, kachipangizo kolumikizira laputopuyo pa netiweki. Timaphukusi ta uthenga tikamalowa, kasefako kamapatula ta mlendo n'kumupatsa, ndipo ta mlendo totuluka kamatiponya pa waya ngati tachokera ku kompyuta ina yapadera. Mlendo ali ndi nambala yake ya chibadwire, MAC address, imene pa VirtualBox imayamba ndi 08:00:27. Ndi nambala imeneyo amapita kwa rauta, imene kwa ife inali ka MiFi kaja, kukapempha adiresi kudzera mu DHCP, njira yogawira maadiresi, monga imachitira foni iliyonse yolowa m'shopu. Rauta ikamupatsa, basi wakhala nzika. Mlatho suyang'ana n'komwe ma IP address. Umagwira ntchito pansi pake, pa ma MAC, ngati mmene imachitira switch ya mu ofesi, kabokosi kolumikiza makompyuta ndi makebulo.

Ndinasankha Bridged Adapter, kuyatsa mlendo, kulemba ip a. Pa enp0s3, dzina la adapter ya mlendo, panalibe adiresi iliyonse. Kabokosi ka Name kaja kanali kakuloza adapter ina imene sinalumikizidwe kulikonse. Laputopu ya Windows imakhala ndi ma adapter ambiri kuposa amene mukuwaona ndi maso: ya WiFi, ya Bluetooth, ya VPN imene wina anaikapo kale n'kuiiwala. Mlatho womangidwa pa adapter yakufa uli ngati ulalo wothera m'thengo. Mlendo akakhala wa Windows, chizindikiro chake ndi adiresi yoyamba ndi 169.254, imene kompyuta imadzipatsa yokha ikafuula kufuna DHCP popanda woyankha. Ndinasintha n'kusankha ya WiFi, ndipo adiresi inabwera, ya 192.168.8 ngati mafoni aja. Foni inatsegula tsamba la katundu. Azakhali anavala magalasi, kuona zitenje zawo pa sikirini, n'kugwedeza mutu.

Lachiwiri anandiimbira. "Mwana wanga, chinthu chako chija dzulo chimagwira, lero chakana. Atsikana abwerera ku mabuku."

Apa ndi pamene ndikufuna kukhalitsa, chifukwa ndi pamene malangizo ambiri a pa intaneti amatisiya panjira. Olemba ake amakhala m'nyumba zimene kebulo ya netiweki imatuluka pakhoma ngati mpopi wa madzi. Ife kuno intaneti yathu ndi ya MiFi, ya hotspot ya pa foni, ya bandulo imene umaiwerengera masiku. Malaputopu athu ambiri ndi ogula kale kwa ena, ndipo atsopano opyapyalawa alibe n'komwe pobayira kebulo. Tsono mlatho ndi WiFi sizimvana mwachibadwa, ndipo chifukwa chake chili m'kapangidwe ka WiFi yomweyo.

Pa kebulo ya Ethernet, kompyuta ikhoza kutumiza timaphukusi tolembedwa ma MAC osiyanasiyana, switch n'kungophunzira kuti kuseri kwa waya uyu kuli anthu awiri. Pa WiFi sizitero. Chipangizo chilichonse chimayamba chadziwitsidwa kwa access point, kabokosi koulutsa WiFi, ndi MAC yake imodzi, kugwirizana makiyi achinsinsi pa dzina limenelo, ndipo kaphukusi wamba ka WiFi (802.11) kali ndi malo a maadiresi atatu okha. Palibe mpata wolembapo kuti "wanyamula ndine, koma mwini uthenga ndi mlendo wanga". Kaphukusi kobwera ndi MAC yachilendo, access point imakataya. Pali njira ya maadiresi anayi imene imathetsa vutoli, koma mbali zonse ziwiri ziyenera kuidziwa, ndipo ka MiFi ka m'thumba sikapereka mwayi wotere. VirtualBox imazemba vutoli mwanzeru: pa WiFi imafufuta MAC ya mlendo pa kaphukusi kalikonse kotuluka n'kulembapo ya mwininyumba, ndipo tobwera imatisiyanitsa poyang'ana IP address. Ndiye kuti kwa rauta, laputopu imodzi ikuoneka ngati ikupempha maadiresi awiri. Marauta ena amavomera bwinobwino. Ena amasokonezeka: lero apereka, mawa akana, kapena apatsa mlendo adiresi yomwe ali nayo kale mwininyumba. Kathu kaja kanali ka gulu lachiwirili.

Palinso msampha wina umene ndinakumana nawo pambuyo pake pa WiFi ya malo ena ogona alendo. Ma access point ena amaikidwa kuti zipangizo zisaonane, chilichonse chizingoona intaneti basi; amati client isolation kapena AP isolation. Pamenepo mlendo amalandira adiresi, amafika pa intaneti, zonse zimaoneka zabwino, koma foni imene ili pambali pake penipeni siimupeza. Munthu ukhoza kutha tsiku lathunthu ukusinthasintha za mu VM, chikhalirecho vuto lili m'kabokosi kopachikidwa pakhoma.

Ndinawauza azakhali kuti pakufunika kugula zinthu ziwiri: rauta yolowa SIM khadi koma yokhala ndi mabowo a kebulo kumbuyo, ndi ka adapter kosandutsa USB kukhala Ethernet. Anafunsa mtengo, anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Ukatenge, koma ubwere ndi lisiti." Ndinapita m'tauni, kuzungulira mashopu a pakati pa Cairo Road ndi Chachacha Road, n'kubwera nazo pamodzi ndi kebulo ya mamita awiri. Laputopu inalumikizidwa pa rauta ndi kebulo, mafoni anakhalabe pa WiFi ya rauta yomweyo, ndipo mu Name ndinasankha ka adapter ka USB kaja. Mlendo anapita kwa rauta ndi MAC yakeyake ya 08:00:27, n'kuoneka pa mndandanda wa zipangizo ngati wina aliyense. Kuyambira tsiku limenelo vuto lakuti lero yagwira mawa yakana linatha. Ngati pali ndalama imodzi imene ndingalimbikitse wophunzira aliyense wa netiweki kuti aiwononge, ndi ya ka adapter kameneka. Kamakupulumutsa ku mavuto amene si iwe unawayambitsa. Chenjezo lake ndi limodzi: kakazulidwa, mlatho wagwa, ndipo VirtualBox ikhoza kukana kuyatsa VM ponena kuti adapter imene munaitchula sikuipeza. Ndinakamata ndi tepi pa shelefu.

Poyesa ngati mlatho waima, ndinaphunzira kuyambira pafupi n'kumapita kutali. Mlendo ali ndi adiresi ya mtundu umodzi ndi mafoni? Akuifika rauta ndi ping, lamulo logogodera kuti uone ngati winayo ayankha? Akuifika intaneti pa nambala, nanga pa dzina? Kenako foni ikumufika iyeyo? Pamene yankho lasanduka "ayi", vuto lili pomwepo. Chimodzi chokha chisakunamizeni: mlendo akamenya ping kwa mwininyumba wa Windows n'kusowa yankho, kawirikawiri si mlatho wolakwa. Firewall ya Windows, mlonda wake wa pa geti, siyankha ping yochokera kunja pokhapokha mutailola. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito iyi kudekhako ndi kusintha chinthu chimodzi n'kuyesa, kenako china, osati zisanu nthawi imodzi.

Tsopano magetsi. Rauta ikazima n'kuyakanso, ina imaiwala kuti inapatsa ndani nambala iti. Tsiku lina mlendo anali pa 192.168.0.104 ya rauta yatsopano ija, magetsi atabwera, foni ya kasitomala amene anapemphapo pasiwedi inatenga nambala imeneyo, mlendo n'kupatsidwa ina. Atsikana anali atasunga adiresi yakale pa mafoni awo, ndiye kwa iwo chinthu chinali chitafanso. Seva imene nambala yake imasinthasintha ili ngati shopu yosamuka usiku uliwonse. Mankhwala ake alipo awiri. Mukhoza kuuza rauta kuti MAC yakutiyakuti izilandira nambala imodzi yomweyo nthawi zonse, kapena kulemba adiresi yokhazikika mwa mlendo mwenimwenimo, mu fayilo ya netplan, yosungira makonzedwe a netiweki pa Ubuntu, posankha nambala imene ili kunja kwa zimene rauta imagawa. Ndinasankha yachiwiri n'kumupatsa 192.168.0.20, poti rauta yathu imayamba kugawa pa 100. Ndinatero chifukwa laputopu imayaka msanga kuposa rauta, ndipo sindinkafuna kuti mlendo azidikira wina kuti amuuze dzina lake.

Pali kanthu kena kokhudza Ubuntu kamene kanandidya madzulo athunthu, ndipo ndikufuna ndikusungireni nthawi yanu. Nditakopera VM ija pa laputopu yanga kuti ndiziyeserapo zatsopano, ndinasintha MAC monga mwa lamulo, koma makope awiri oyeserawo atakumana pa netiweki imodzi, rauta inawapatsa adiresi imodzi. Chifukwa chake n'chakuti Ubuntu Server popempha DHCP sidzitchula ndi MAC. Imagwiritsa ntchito chizindikiro chochokera mu fayilo ya /etc/machine-id, ndipo fayiloyo imakoperedwa limodzi ndi zonse. Kwa rauta anali munthu mmodzi wobwera kawiri. Mumakonza popatsa kope lililonse machine-id yatsopano, kapena polemba mzere wakuti dhcp-identifier: mac mu netplan.

Koma chimene chinandidabwitsa kwambiri, mpaka ndinakhala pansi pa mpukutu wa nsalu n'kumaganiza, chinachitika masana ena magetsi atapita. Laputopu inali moyo pa batire, mlendo ali moyo m'kati mwake, koma rauta itazima. Azakhali anati, "Palibe kanthu, tilembera pa laputopu pomwepo." Anatsegula browser, kulemba 192.168.0.20. Yakana. Mwininyumba ndi mlendo ali m'thupi limodzi, akudya batire imodzi, koma osatha kulankhulana. Ukaganiza bwino, m'pomveka. Mlendo tinamutsegulira khomo loyang'ana pabwalo, ndiye kuti awiriwa azikumana ayenera kudzera pa adapter imene yayang'ana pabwalopo. Rauta ikazima, Windows imaona kuti kebulo yafa, imachotsa adiresi yake pa adapter ija, ndipo bwalo lokumanirana lija palibenso. M'dziko limene magetsi sapita, munthu akhoza kugwiritsa ntchito mlatho zaka khumi osadziwa zimenezi. Ife tinazidziwa sabata yachiwiri.

Yankho lake ndi lokongola, ndipo ndimalikonda kuposa china chilichonse m'nkhaniyi. Mlendo mumamupatsa makomo awiri. VirtualBox imalola ma adapter anayi pa Settings. Adapter 1 ikhale Bridged, khomo la pabwalo, lolowera mafoni. Adapter 2 ikhale Host-only, kakhomo ka m'kati kolumikiza chipinda cha mlendo ndi cha mwininyumba popanda kutuluka panja. Netiweki imeneyi ili m'kati mwa laputopu mokhamokha, siidalira kebulo kapena rauta. Mwininyumba amakhala pa 192.168.56.1, ndipo mwa mlendo khomoli limaoneka ngati enp0s8; ndinalipatsa 192.168.56.20. Pa browser ya laputopu ndinasunga ma bookmark awiri. Pambuyo pake tinagulanso kabatire kakang'ono ka rauta, ka mtundu umene unadzaza m'mashopu chaka chimenecho, koma nako kamatha, ndipo kakatha kakhomo ka m'kati kamakhalapobe.

Walira mvula walira matope. Mlendo atapeza khomo la pabwalo, aliyense wa pabwalopo akhoza kugogoda. Pa NAT khoma linkamuteteza popanda ine kuchitapo kanthu. Pa mlatho chitetezo chimenecho palibe, ndipo firewall ya Windows siimuphimba, chifukwa timaphukusi take timapatulidwa tisanafike kumeneko. Ichi anthu ambiri sachidziwa. M'shopu ya azakhali pasiwedi ya WiFi inali itafika kale kwa telala wa khomo loyandikana, kwa mnyamata wa wilibala amene amabweretsa mabelo, ndi kwa makasitomala angapo okhazikika. Onsewa ndi anthu abwino, koma foni ya munthu wabwino ikhoza kunyamula zoipa mwini wake osadziwa, ndipo m'seva muja muli mitengo yogulira katundu ndi mayina a amene ali ndi ngongole. Zimenezo ndi ulemu wa anthu. Ndinayatsa ufw, firewall ya Ubuntu, mwa mlendo, kutsegula khomo la tsamba la katundu lokha, ndipo SSH, njira yolowera mu seva uli pa kompyuta ina, n'kuilola kudzera pa kakhomo ka m'kati basi. Ndinapatsa mtsikana aliyense dzina ndi pasiwedi yakeyake. Kenako ndinatsegula WiFi yachiwiri ya alendo pa rauta, imene siona zipangizo za m'shopu, n'kusintha pasiwedi ya yoyamba ija. Client isolation yomwe inandizunza kumalo ogona kuja, apa ndi imene ndinaifuna.

Kukambirana za pasiwedi ndi azakhali kunali kovuta kuposa netplan. "Ndiye ndimuuze telala uja kuti chiyani? Takhala limodzi zaka zonsezi." Ndinati, "Azakhali, simukumumana. Mukumupatsa yake, ya alendo. Intaneti aipeza chimodzimodzi, koma buku la ngongole saliona." Anaganiza, kenako anati, "Chabwino. Ngakhale kumudzi mlendo timamupatsa madzi ndi mpando, koma kunkhokwe salowa."

Chaka chotsatira ndinapeza ntchito yokonza za mtundu womwewu pa ofesi ina ku Woodlands, koma kumeneko mwininyumba anali Linux, alendo ake akuyenda pa KVM, yogwira ntchito ngati ya VirtualBox, imene yakhala m'kati mwa Linux kuyambira 2007. Mfundo ndi yomweyo, mayina okha ndiwo amasintha. NAT ya kumeneko ndi virbr0, ya maadiresi a 192.168.122, ndipo ma MAC a alendo amayamba ndi 52:54:00. Pa VMware, pulogalamu inanso ya ma VM, mlatho ndi VMnet0, NAT ndi VMnet8, Host-only ndi VMnet1. Kusiyana kwakukulu n'kwakuti pa Linux mlatho umaumanga wekha ndi manja. Umapanga mlatho wotchedwa br0, kulowetsamo adapter yeniyeni, ndipo adiresi ya mwininyumba imasamuka kuchoka pa adapter kupita pa br0. Adapter imatsala ngati waya chabe. Pa mphindi imene ukusamutsa adiresiyo, ngati walowa kudzera pa SSH uli kutali, ukudula nthambi imene wakhalapo. Zinandichitikira Lachisanu madzulo, ndipo Loweruka m'mawa ndinakwera minibasi kukayatsa ndi manja, antchito a pa ofesipo atataya maola awiri a ntchito chifukwa cha ine. Kuyambira pamenepo sindilemba netplan apply, lamulo lokhazikitsa zosintha pomwepo, ndili kutali. Ndimalemba netplan try, imene imabweza zonse mwakale pakatha masekondi 120 ngati sunavomereze. Ndipo poti pa zosintha zina za mlatho lamuloli limakana kulonjeza kubweza, zikatero ndimadikira mpaka nditakhala pamaso pa makinawo.

Linux ndiyo imanena zoona mosabisa pa nkhani ya WiFi ija: ukayesa kulowetsa adapter ya WiFi mu br0 imangoyankha kuti Operation not supported. Ndipo mukaona mlendo akuchedwa pafupifupi masekondi 30 asanapeze adiresi, yang'anani STP. Imeneyi ndi njira imene Radia Perlman anapanga mu 1985 kuti milatho ikalumikizana mozungulira, timaphukusi tisamangozungulira kosatha mpaka netiweki kukomoka. Mlatho umayamba wamvetsera ndi kuphunzira, masekondi 15 kawiri, usanalole kanthu kudutsa. Pa ofesi ya ma switch ambiri n'chinthu chofunika kwambiri; pa kompyuta imodzi ya kebulo imodzi mukhoza kuchepetsa nthawiyo. Palinso njira yachidule yotchedwa macvtap, imene imapatsa mlendo khomo la pabwalo popanda kumanga br0, koma mwa njira imeneyo mlendo amalankhula ndi aliyense kupatula mwininyumba wake. Nditawerenga zimenezo ndinakumbukira masana aja a ku Kamwala.

Ndimalemba zonsezi chifukwa cha achinyamata amene amandifunsa m'magulu a WhatsApp, ena ali ku yunivesite ya UNZA, ena akuphunzira okha usiku ku Kalingalinga ndi ku Mtendere pa laputopu yobwereka. Funso lawo limakhala lofanana: "Akulu, ndatsatira zonse za mu vidiyo koma VM yanga sikuoneka." Ambiri amafika poganiza kuti mutu wawo ndiwo wochepa, ena amasiyiratu. Zimandipweteka, chifukwa nthawi zambiri sanalakwitse kanthu. Vidiyoyo inajambulidwa pa kebulo, iwo ali pa hotspot ya foni. Ndimayamba ndi kuwafunsa zinthu zitatu: adiresi imene mlendo walandira, chimene chalembedwa mu Name, ndiponso ngati ali pa waya kapena pa mphepo. Kawirikawiri yankho limakhala litapezeka tisanafike pa funso lachinayi.

Mwezi watha ndinadutsa ku Kamwala kukatenga chitenje cha amayi, poti ndinali ndi ulendo wa kumudzi. Magetsi anali atapita kuyambira m'mawa, kabatire ka rauta katatha. Ndinapeza mtsikana wamng'ono uja ali kuseri pa shelefu, laputopu ili pa mpando, akulemba mayadi asanu ndi limodzi a nsalu ya yunifolomu. Pa chivundikiro cha laputopu pali katepi koyera kamene azakhali analembapo okha ndi bolopeni manambala awiri aja. Pa 192.168.0.20 analemba kuti "malaiti alipo", pa 192.168.56.20 analemba kuti "malaiti kulibe". Anandipatsa chitenje, ndinatulutsa ndalama, anaikana. Kenako anatembenukira kwa mtsikana uja nati, "Chichotse m'chiwerengero, ulembe kuti chapita ku Katete."